Mimba yodzaza mpweya: yoga yofatsa, kuyenda, kadyedwe kapena mapiritsi?

Munthu wabwinobwino amaphwisa ka 10 mpaka ka 20 patsiku, ndipo kumeneko si kudwala ayi. Vuto limayamba mpweyawo ukakanirira m'kati. Mimba imati gwa ngati ng'oma, lamba amene m'mawa anali bwinobwino amayamba kuthina, kugeya sikuthandiza, ndipo pofika madzulo munthu amangofuna kumasula mabatani n'kugona. Ambiri masiku ano akulimbikitsana kuchita yoga yofatsa zikatere. Imathandizadi, koma imagwira mbali imodzi yokha ya vutoli. Musanayale mphasa pansi ndi bwino kudziwa mbali yakeyo, komanso nthawi imene njira ina ingakuchitireni bwino kuposa iyo.

Zoyenera kuona musanasankhe

Mpweya wa m'mimba umachokera kuwiri. Wina timameza tokha podya mothamanga, polankhula chakudya chili m'kamwa, potafuna chingamu, posuta ndiponso pomwa zakumwa za gasi. Wambiri mwa umenewu umatuluka pogeya. Winawo amapanga ndi mabakiteriya a m'matumbo aakulu, amene amadya zotsala zimene matumbo aang'ono alephera kugaya, n'kutulutsa hydrogen, carbon dioxide, ndipo mwa anthu ena methane. Mipweya imeneyi ilibe fungo. Fungo lija limachokera ku kachigawo kochepa kwambiri kokhala ndi sulufule.

Matumbo aakulu ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Amayambira kumunsi kwa mimba chakumanja, amakwera mpaka pansi pa nthiti pafupi ndi chiwindi, amakhota n'kudutsa chopingasa, amakhotanso pansi pa nthiti za kumanzere, kenako amatsika. Pokhota pawiripo ndi pomwe mpweya umakonda kuima. N'chifukwa chake ena amamva kubaya pansi pa nthiti za kumanzere n'kuyamba kuda nkhawa.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Fernando Azpiroz ndi anzake a pachipatala cha Vall d'Hebron ku Barcelona akhala akuyeza mpweya wa m'matumbo kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti anthu ambiri amene mimba imawatupa sakhala ndi mpweya wochuluka kwenikweni kuposa anzawo. Chimene chimachitika n'chakuti mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene madokotala amati diaphragm, umatsika n'kukankha matumbo, pomwe minofu ya kutsogolo kwa mimba imalekerera, mimba n'kutukuka. Ena matumbo awo amangomva msanga: mpweya umene mnzawo saumva n'komwe, iwo umawasowetsa mtendere.

Ndiye funso loyamba pa njira iliyonse ndi lakuti ikugwira pati. Kodi ikuchepetsa mpweya umene ukupangidwa, ikusuntha umene wakanirira, kapena ikukhazika thupi pansi? Zikatero tiona zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake pa nthawi imene mwavutika, khama limene imafuna kuti ipitirire, ndi zoopsa zake.

Yoga yofatsa

Yoga inachokera ku India ndipo ili ndi mitundu yambiri, ina yotulutsa thukuta lambiri. Imene ikunenedwa pano ndi yapansi, yapang'onopang'ono, yosafuna kuti munthu akhale wofewa thupi.

Kachitidwe kodziwika kwambiri ndi ka Pavanamuktasana. Gonani chagada, miyendo mutaiwongola. Pindani bondo lamanja, muligwire ndi manja onse awiri pamsongolo, kapena kuseri kwa ntchafu ngati bondolo limakuvutani. Popumira kunja likokereni pachifuwa mpaka ntchafu ikanikize mimba, ndipo popumira m'kati lekererani pang'ono kuti mimba ipeze malo okwerera. Chitani zimenezi ka 5 mpaka ka 8, kenako mwendo wamanzere, kenako yonse iwiri pamodzi mukudzigwedeza pang'ono uku ndi uku. Mutu ndi mapewa zikhale pansi. Aphunzitsi amayambira kumanja potsata mmene matumbo aakulu amayendera. Phindu lake lili pa kukanikiza ndi kulekererako. Munthu akangofinya mawondo pachifuwa n'kusiya kupuma, minofu ya mimba ndi ya kumatako imalimba, ndiye mpweya uja umasowa potulukira. Ena amene amati anayesa koma sizinawathandize amalakwitsa pamenepa.

Mukachoka apo mukhoza kugwetsera mawondo onse awiri mbali imodzi, mapewa ali pansi, manja mutatambasula, n'kupuma kangapo musanatembenukire mbali inayo. Palinso Balasana: mumagwada, matako n'kukhala pa zidendene, kenako n'kuwerama mpaka mphumi ifike pansi, mimba itatsamira pantchafu. Wamimba yaikulu atalikitse mawondo. Kachitidwe kena ndi kokhala pa manja ndi mawondo, kukweza msana popumira kunja n'kuutsitsa popumira m'kati. Komaliza ndi Malasana, kumene ndi kunyonyomala mawondo atatasa. Kumeneku kumawongola njira ya kumapeto kwa matumbo ndipo kumafewetsa minofu ya m'chiuno, choncho kumathandiza kwambiri amene mpweya wawo wafika kale kumunsi koma ukukana kutuluka. Zonse pamodzi zimatha mphindi 10 mpaka 15.

Umboni wa ofufuza ulipo, koma ndi wa magulu ang'onoang'ono, ndipo wambiri ndi wa anthu odwala IBS, nthenda imene matumbo amapweteka ndi kusokonekera kayendedwe popanda chilonda chooneka. Kafukufuku wina wa ku Germany wofalitsidwa mu 2018 anatenga anthu 59 a nthendayi. Ena anachita yoga kawiri pa sabata, ena anasintha zakudya, kwa masabata 12. Magulu onse awiri anapezako bwino, ndipo panalibe kusiyana kwakukulu. Koma onani kuti imeneyo inali miyezi itatu yochita mosadumpha, osati kugwira mawondo usiku umodzi. Zoti kupotola thupi kumafinya poizoni m'chiwindi ndi zonena za otsatsa malonda, musazilipirire ndalama.

Mtengo: Pakhomo palibe cholipira. Bulangete lopinda kapena kapeti zimakwanira, ndipo mphasa ya yoga ndi yogula kamodzi ngati mwaifuna. Makanema ophunzitsa ali mbwee pa YouTube. Ndalama zimayamba kutuluka mukalembetsa kalasi kapena pulogalamu ya pafoni yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo mphunzitsi wobwera kwa inu nokha ndiye wodula kuposa onse. Pa vuto la mpweya lokha, kalasi ya mwezi ndi mwezi ndi ndalama yopitirira. Kukumana ndi mphunzitsi kamodzi kapena kawiri kuti akuwongoleni n'kokwanira.

Kupezeka kwake: Imafuna malo ogona pansi komanso kukhala panokha, chifukwa ikagwira ntchito imamveka. Kuntchito, m'basi kapena m'ndege siingatheke, chonsecho kumeneko ndi kumene munthu amakhala nthawi yaitali atasunga mpweya chifukwa cha manyazi. M'kalasi nkhani yophwisa aphunzitsi anaizolowera, koma si aliyense angamasuke pagulu.

Khama lake: Vuto lalikulu ndi nthawi. Mimba imatupa kwambiri munthu akangodya, koma imeneyo ndiye nthawi yoipa yogona pansi n'kukanikiza chifu. Mukadya kwambiri dikirani maola awiri kapena atatu. Nthawi yabwino ndi m'mawa musanadye kapena usiku chakudya chitatsika. Ndipo ngati mukudyabe zomwe zimapanga mpweyawo, mawa ubweranso, mudzagonanso pansi.

Zoopsa zake: N'zochepa kwa munthu wathanzi, koma zilipo. Mayi woyembekezera asakanikize mimba, asapotole thupi kwambiri, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali. Amene wachitidwa opaleshoni ya m'mimba posachedwa adikire dokotala amulole. Chimodzimodzi amene ali ndi hernia, vuto limene thumbo limatukuka pamchombo kapena m'chinena. Wodwala chilungulira chimamukwera akagona kapena akawerama atangodya. Amene mafupa awo ndi ofooka apewe kuwerama ndi kupotola msana mwamphamvu, ndipo amene anaikidwa chiuno kapena bondo lochita kupanga afunse kaye za kunyonyomala. Zozondoka mutu pansi sizofunika n'komwe pa vutoli, ndipo n'zoipa kwa odwala BP ndi nthenda ya maso ya glaucoma. Kupuma kothamanga kokankha mimba, kotchedwa Kapalabhati, nakonso si kwa munthu amene mimba ikumuwawa.

Kuyenda mukatha kudya

Njirayi ilibe dzina lokopa ndipo palibe amene amaitsatsa, koma umboni wake pa nkhani ya mpweya ndi wolunjika kuposa wa yoga. Ofufuza a ku Barcelona aja ankalowetsa mpweya m'matumbo a anthu kudzera m'kapaipi, n'kumayeza umene ukutuluka. Mu 2003 anaonetsa kuti mpweya umayenda msanga thupi likakhala chilili kusiyana ndi munthu atagona chagada. Mu 2006 anaonetsanso kuti anthu otupa mimba akamapalasa miyendo mofatsa, mpweya wotsalira m'matumbo umachepa. Izi zikutiuzanso kanthu pa yoga: kungogona pansi duu sikumene kumathandiza, koma kusuntha ndi kukanikiza kuja.

Mtengo: Palibe.

Kupezeka kwake: Apa ndi pomwe imaposera zonse. Mukhoza kuyamba mukangosamba m'manja, nthawi yomwe yoga siloledwa. Khonde la kuofesi, bwalo, ngakhale kuzungulira m'nyumba momwemo mvula ikamagwa, zonse zimatheka. Palibe amene angadziwe kuti mukuthamangitsa mpweya.

Khama lake: Mphindi 10 mpaka 15 mukatha chakudya chachikulu. Chovuta ndi ulesi umene umabwera munthu akakhuta, makamaka usiku mpando ukamaitana. Zimayenda bwino mukazimangirira pa chinthu chimene mumachita kale, monga kuimba foni muli chiyendere.

Zoopsa zake: Kuthamanga kapena kuyenda mwandawala mutangokhuta kumabweretsa kubaya m'nthiti, nseru ndi chilungulira. Yendani moti mukhoza kucheza osapuma wefuwefu. Ndipo ngati poyenda mumamva kuthina pachifuwa kumene kumasiya mukaima, musanamizire mpweya. Zimenezo zimafuna kupimitsa mtima.

Kupumira m'mimba ndi kusisita

Ziwirizi zili m'kati mwa yoga kale, koma mukhoza kuzichita pazokha. Kupumira m'mimba kumathandiza makamaka anthu awiri: amene amageya pafupipafupi chifukwa chomeza mpweya mosadziwa, ndi amene mimba imatukuka masana n'kuphwa akagona. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamchombo. Kokani mpweya ndi mphuno kwa masekondi 4, dzanja la pamchombo likwere, la pachifuwa lisasunthe kwambiri. Tulutsani pang'onopang'ono kwa masekondi 6 mukubweza mimba m'kati mofatsa. Kutulutsako ndiko kofunika kwambiri, chifukwa ndi pomwe diaphragm imakwera n'kuchoka pamatumbo.

Kusisita kumatsata njira ya matumbo ija: kuyambira kumunsi chakumanja, kukwera mpaka m'nthiti, kudutsa, n'kutsika kumanzere, ndi chikhatho chonse osati nsonga za zala. Umboni wake ndi wabwinoko pa kudzimbidwa kusiyana ndi pa mpweya weniweniwo, koma poti chimbudzi chouma chimatsekera mpweya njira, nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi.

Mtengo ndi kupezeka kwake: Zaulere. Kupuma mukhoza kuchita mutakhala pampando pamsonkhano, wina osazindikira. Kusisita kumafuna kugona. Kumathandizanso posamalira okalamba ndi odwala amene sangathe kuyenda kapena kugwada.

Khama lake: Kupuma kumafuna kuzolowera, mphindi 5 kawiri kapena katatu patsiku kwa masabata angapo. Amene amangokumbukira mimba itatupa kale sapindula kwambiri.

Zoopsa zake: Mukapuma mofulumira mutu umayamba chizungulire, ndiye chepetsani. Musasisite mimba ya woyembekezera, pamene pali chotupa chosadziwika, pabala la opaleshoni, kapena mimba imene ikupweteka mukaikhudza.

Kusintha kadyedwe

Njira zitatu zapitazo zimasuntha mpweya umene wapangidwa kale. Iyi ndi imene imachepetsa kupangidwa kwake, n'chifukwa chake ndiyo yolemetsa.

Poyambira posavuta ndi pa mmene mumadyera osati zimene mumadya: kudya mutakhala pansi, kutafuna mokwanira, kusiya chingamu ndi zakumwa za gasi, kugawa chakudya kuti chisakhale mulu umodzi usiku. Chakudya chamafuta ambiri chimachedwa kuchoka m'chifu ndipo chimachedwetsanso mpweya m'matumbo. Chingamu ndi masiwiti olembedwa kuti alibe shuga kawirikawiri amakhala ndi sorbitol, amene matumbo sayamwa bwino.

Kenako pamabwera zakudya zimene mabakiteriya amazikonda. Nyemba ndi mphodza zili ndi mitundu ya shuga imene thupi la munthu lilibe chogayira. Anyezi, adyo ndi tirigu zili ndi fructan. Maapulo ndi uchi zili ndi fructose wambiri. Mkaka uli ndi lactose, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse padziko lapansi amachepa mphamvu yomugaya akakula, ngakhale kuti ambiri a iwo amatha kumwa kapu imodzi popanda vuto. Peter Gibson ndi Sue Shepherd a ku Melbourne, ku Australia, anaika zonsezi m'gulu limodzi lotchedwa FODMAP mu 2005, ndipo yunivesite ya Monash ndi imene yakhala ikuyeza kuchuluka kwake m'zakudya. Ndondomeko yake ili ndi magawo atatu: kuchepetsa zakudyazi kwa masabata 2 mpaka 6, kuzibwezera gulu limodzilimodzi kuti muone lomwe likukuvutitsani, kenako kudya zonse kupatula zochepa zimene mwazigwira.

Mtengo: Kudya pang'onopang'ono n'kwaulere. Ndondomeko ya FODMAP ndiyo imadya ndalama, chifukwa mkaka wopanda lactose ndi buledi wopanda tirigu zimadula kuposa zachizolowezi, pulogalamu ya pafoni ya Monash ndi yogula, ndipo katswiri wa zakudya amalipiridwa.

Kupezeka kwake: Zimadalira amene akuphika. Wodziphikira yekha zimamuyendera. Wodya mumphika umodzi ndi banja lonse, kapena wodyera kuntchito ndi kusukulu yogonera komweko, anyezi sangamuthawe. Akatswiri odziwa ndondomekoyi sapezeka paliponse.

Khama lake: Lalikulu kuposa njira zonse. Pamafunika kabuku kolembamo zimene mwadya ndi mmene mimba yachitira, pokumbukira kuti mpweya wa madzulo nthawi zambiri umachokera ku chakudya cha maola angapo apitawo, osati chimene mwangomeza kumene. Pali njira yapakati imene ine ndimaiona yanzeru kwa anthu ambiri: chotsani chinthu chimodzi chokha chimene mukuchikayikira kwa masabata awiri, kenako muchibwezere. Nyemba musathamangire kuzisiya. Kuzinyika m'madzi usiku wonse n'kutaya madziwo kumachepetsako shuga uja, ndipo matumbo amazolowera munthu akamadya pang'onopang'ono koma kawirikawiri.

Zoopsa zake: Ena amakakamira pa gawo loyamba chifukwa choopa kuti vuto libwerera, n'kukhala miyezi akudya zinthu zowerengeka. Zimenezo zimachepetsa zofunika m'thupi komanso mabakiteriya abwino a m'matumbo. Si ndondomeko ya ana, oyembekezera, owonda kale kapena amene anavutikapo ndi mantha a chakudya, pokhapokha katswiri akuwayang'anira. Ndipo ngati mukukayikira tirigu, kayezetseni nthenda ya coeliac, imene tirigu amawononga matumbo, musanamusiye, chifukwa mukasiya kaye zotsatira za magazi zimatha kunama. Kumbali ina, kuwonjezera zakudya za gaga wambiri mwadzidzidzi pofuna kuthetsa kudzimbidwa kumachulukitsa mpweya masabata oyamba.

Mankhwala ogula popanda kalata ya dokotala

Awa si gulu limodzi. Aliyense ali ndi kantchito kake kakang'ono, ndipo kugula olakwika ndi kutaya ndalama.

Simethicone, amene amagulitsidwa m'mayina ngati Gas-X ndi Infacol, amaphatikiza tithovu ting'onoting'ono kuti tikhale thovu lalikulu losavuta kutuluka. Salowa m'magazi ndipo sachepetsa mpweya umene ukupangidwa. Ena amawathandiza, ena ayi, ndipo zotsatira za ofufuza n'zosakanikira. Alpha-galactosidase, wodziwika ndi dzina la Beano, amagaya shuga wa mu nyemba ndi kabichi, koma amamwedwa poyamba kudya. Mimba ikatupa kale alibe ntchito. Lactase ndi chimodzimodzi, koma iye ndi wa mkaka wokha. Makapisozi a mafuta a peppermint amafewetsa minofu ya matumbo, ndipo ali ndi umboni wabwinoko pa kupotokola ndi kutupa kwa IBS. Makala okonzedwa mwapadera umboni wawo ndi wofooka. Ma probiotic, amene ndi mabakiteriya abwino akumwa, alipo mitundu yosawerengeka, ndipo umene wathandiza mnzanu mwina inu sungakuchitireni kanthu. Ngati mwayesa mtundu umodzi kwa mwezi wathunthu osaona kusintha, usiyeni.

Mtengo: Paketi imodzi siipweteka thumba, koma ndi ndalama yobwerezabwereza. Ma probiotic ndi peppermint ndiwo amadula mukawerengera pa chaka.

Kupezeka kwake: Simethicone amapezeka m'mafamase ambiri, pomwe alpha-galactosidase ndi lactase amasowa m'malo ena. Ubwino wawo ndi woti amalowa m'thumba, choncho pa ulendo kapena paphwando amafika pomwe mphasa siingafike.

Khama lake: Kukumbukira nthawi basi. Peppermint amamwedwa chakudya chisanafike ndipo kapisozi amamezedwa wathunthu.

Zoopsa zake: Peppermint amayambitsa chilungulira, makamaka kapisozi akatafunidwa kapena akamwedwa pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi m'chifu. Makala amadetsa chimbudzi, amadzimbitsa, ndipo amamata mankhwala ena n'kuwalepheretsa kulowa m'thupi, kuphatikizapo mapiritsi olera. Makala ophikira si mankhwala. Amene amamwa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, afunse wa kufamase asanayambe simethicone. Choopsa chachikulu ndi kuphimba chizindikiro kwa miyezi, munthu akumeza mapiritsi m'malo mokapimidwa.

Ndiye inu musankhe iti?

Ngati mimba imatupa mwa apo ndi apo, mukadya kwambiri kapena mukakhala pampando tsiku lonse, yendani mukangodya, ndipo mpweya ukakanirirabe usiku gonani pansi muchite yoga ija. Ziwirizi sizipikisana, ina ndi ya ola loyamba, ina ndi ya pambuyo pake. Simukufunika kugula kanthu.

Amene amageya kosalekeza vuto lawo lili kumtunda, ndipo kugwira mawondo sikuwafika. Ayambe ndi kudya modekha, kusiya chingamu ndi zakumwa za gasi, ndi kupumira m'mimba. Kupumako ndi koyeneranso amene amadzuka mimba ili phwa koma pofika madzulo yatukuka, chonsecho sakuphwisa kwambiri.

Ngati mumaphwisa kwambiri ndipo mukuona kuti zimatsatira chakudya china chake, yoga ingokupumitsani usiku umenewo. Yesani kuchotsa chakudyacho kwa masabata awiri, kapena sungani lactase kapena alpha-galactosidase wa tsiku limene simungachipewe. Ngati chimbudzi chimabwera patapita masiku ndipo n'chouma, konzani chimenecho kaye ndi madzi, kuyenda, kusisita ndi kunyonyomala. Muli pomwepo onaninso mankhwala amene mukumwa: metformin, acarbose ndi lactulose amachulukitsa mpweya, pomwe codeine ndi mapiritsi a ayironi amadzimbitsa. Musawasiye panokha, kauzeni amene anakulemberani.

Wodwala IBS amene dokotala anamupima kale akhoza kusankha malinga ndi moyo wake. Ngati nkhawa ndi imene imadzutsa mimba, ndipo mphika si wake, yoga ya kawiri pa sabata ndi yosavuta kuisunga kuposa FODMAP. Ngati amadziphikira ndipo angapeze katswiri wa zakudya, ndondomekoyo ingamuuze chenicheni chomuvuta. Peppermint akhoza kuwonjezedwa pa iliyonse, bola alibe chilungulira.

Amayi amene amatupa masiku oyandikira kusamba, yoga yofatsa ndi kuyenda zimakwanira, ndipo palibe chifukwa chosiyira zakudya zambiri pa vuto la masiku ochepa. Woyembekezera ayende, achite kachitidwe ka pa manja ndi mawondo, agone chammbali, ndipo mankhwala aliwonse afunse kaye kusikelo. Okalamba ndi amene sangathe kutsika pansi akhoza kukokera bondo pachifuwa ali pabedi, kapena kupotoka pang'ono atakhala pampando.

Pali ena amene njira zonsezi si zawo. Mimba ikatupa ndi ululu waukulu, munthu akusanza, osaphwisa ndiponso osachita chimbudzi, thumbo likhoza kukhala litatsekeka, ndipo kumeneko ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kobwera ndi thukuta kapena befu. Magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii, kuwonda popanda chifukwa, kuchepa magazi, kutentha thupi, mimba yokula tsiku ndi tsiku osaphwa ngakhale m'mawa, kapena vuto loyamba kumene munthu atapitirira zaka 50, zonsezi zimafuna dokotala m'masiku omwewo. Bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain limalangiza kuti mayi amene mimba imamutupa koposa ka 12 pamwezi, makamaka ngati wafika zaka 50, ayezedwe magazi a CA125, chifukwa khansa ya m'thumba la mazira imayamba ndi zizindikiro zofanana ndi za mpweya: kutupa, kukhuta msanga ndi kukodza pafupipafupi.